Chala cha Eilif

Anzanga okonza maonekedwe a pa sikirini
anali khumi ndi awiri pa tebulo limodzi ku Oslo.
Chepetsa mawu, Ragnfrid, anatero,
chotsa mizere yozungulira mabatani,
zilembo zikhale zowonda, zotuwa pang'ono,
munthu wa lero safuna kuuzidwa, amangodziwa.
Ndinalemba zonse m'kabuku.
Mutu umodzi susenza denga, ndinatero mumtima,
ndipo makina ogulitsa matikiti a basi
ndinawaveka monga anandilangizira.
Anakongola ngati mbale yosadyeramo.

Kenaka Tromsø, mu Januwale,
nthawi ya nkhomaliro koma kunja mdima wa ndiwe yani.
Tinaimika makinawo pa siteji,
Torunn atagwira wotchi, ine kabuku komwe kaja.

Eilif anafika, mkulu amene kale ankakweza katundu padoko,
magolovesi onenepa, magalasi atachita nkhungu.
Tinati, gulani tikiti imodzi yopita kuchipatala.
Anayang'ana sikirini ngati khoma lopanda chitseko.
Anagogoda dzina la kampani. Zii.
Anagogodanso.
Anavula golovesi ndi mano,
chala chofiira ndi chisanu chinagwera pakati pa mabatani awiri,
makina n'kumulavulira tikiti ya mwana.
Basi inabwera. Basi inapita.
Mphindi zitatu ndi masekondi khumi, Torunn ananong'ona.

Chinandilasa si mphindizo ayi.
Eilif anapepesa.
Anati, vuto ndi ine, ndakalamba, makina anu ali bwino.

Usiku ndinatsegula kabuku.
Sindinang'ambe tsamba.
Paja ndi anzanga omwewo anandiletsa
kuunjika mafunso asanu pamalo amodzi,
ndipo pamenepo Eilif sanapunthwe,
anadutsa ngati pakhomo pake.
Nzeru anali nazo anzangawo,
kungoti zinabadwira m'chipinda chofunda,
pakati pa zala zouma
ndi maso a zaka makumi atatu.

Ndabwezera mizere ija.
Zilembo ndazinenepetsa, zakuda bii.
Batani logulira lakula ngati chikhatho.
Ku Oslo wina wati zikuoneka zachikale,
ndipo mwina sakunama.

Lachinayi tikaimanso pa siteji ija.
Akuti kudzabwera mayi wokankha kangolo ka mwana,
dzanja limodzi lokha ndilo lomasuka,
ndipo sindikudziwa chimene adzandigwetsere iyeyo.
Torunn wagula kale batire latsopano la wotchi.