Mgolo wa Misomali

Mawa andikunkhuniza mumgolo wa misomali
kuchokera patchalitchi cha Goslar mpaka kumtsinje.
Usiku uno ndikumva Anselm mmisiri akukhoma,
nyundo yake yosapupuluma,
ngati akukonza bedi la mkwatibwi.

Akuti ndine mayi wopeza.
Akuti ndinadya Ottilie.
Nthano ikafuna mfiti sipita kutali,
imangosuzumira kukhitchini.

Ndinalowa m'nyumba ija mawere asanagwe,
mkazi wachitatu wa Gottfried wodula paini.
Anandiveka diresi la malemu,
m'khwapa mukadali thukuta lake,
nsapato zake zikundiluma zala.
Palibe anandiuza chomwe chinamupha.
Ndinachipeza ndekha nyengo ya chipale,
chitalembedwa panthiti zanga.

Ottilie anali ndi zaka zisanu, nsabwe ndi chifuwa.
Sananditchulepo amayi. Sindinamukakamize.
Ndinkamupesa, ndinkamumwetsa mkaka wa uchi,
tsitsi lake linacha ngati tirigu
mpaka mbiri yake inakwera phiri
nikagogoda pachipata cha Graf Eberhard,
nkhalamba yoika kale akazi anayi m'manda,
aliyense ndi mwala wosalala ndi vesi lake.

Gottfried analandira mahatchi awiri ndi dambo.
Anaseka mpaka usinini.
Pachitsime amayi anati: mwana wagwa m'mafuta!

Usiku woti mawa ukwati ndinanola lumo.
Golide yense uja ndinamugwetsa pansi, mpala psiti,
ndinamupaka mwaye, ndinamuveka buluku la bambo ake,
ndinasokera makobidi asanu ndi awiri mumpendero,
ndinamupereka kwa Walburga wootcha makala,
uja amaopsezera ana akaba maapozi.
Pakhomo ndinawaza magazi a nkhumba.
Kunkhalango kuli mimbulu, inde,
koma mmbulu sulipira mahatchi,
sudikira wansembe adalitse njala yake.

Woweruza wandifunsa katatu: mwana ali kuti?
Katatu ndayankha: ndinamudya.
Anathyola chala chimodzi, kenaka china.
Ndinamudya, mbuyanga, anali wonona.
Mwana wodyedwa palibe amamusaka.

Tsono khoma, Anselm, usaumire misomali.
Adzasimba za ine ana akakana kugona,
adzandipatsa mphuno yokhota ndi njerewere,
adzati Graf analira mpaka kudwala,
adzati Gottfried anali munthu wofatsa.
Asimbe.
Pakamwa pawo ndi pawo.

Pazenera la ndende ndikuona kuseri kwa Brocken
utsi wa makala ukukwera,
wowongoka, mphepo kulibe.
Pansi pake mnyamata wina wa manja a mwaye
akuwaza nkhuni, nkhwangwa yamuzolowera,
tsitsi likumera pang'onopang'ono m'chipewa.
Sadzabwera kudzandilira,
ndinamulumbiritsa.
Dzina lake akulidziwa yekha,
ndipo usiku amagona
chitseko atatseka ndi dzanja lake.