Kugogoda kwa Kumbuyo

Inafika Lachiwiri, matope a ku Jali atauma m'matayala,
galimoto ya a Kalonjere, aja ogulitsa mpunga mumsika waukulu.
Akuti: Ambuye, kumbuyoku kuli munthu akugogoda.
Pa tala ali phee. Ndikangotsikira m'fumbi, gu, gugu,
ngati wangongole wolawirira m'mamawa.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala ndikugona chagada
pansi pa magalimoto a eni, pano pa Chinamwali.
Sindinafunse zambiri.
Ndinakanikiza buti ndi manja awiri, inavina pang'ono,
ndinati mashoko atha.
Anawerenga ndalama za matumba atatu a mpunga,
tinamanga atsopano, akuda bii, onunkhira sitolo.

Lachisanu ndi awo atulukiranso.
Mlendo uja sanachoke, akutero,
mwangomugulira nsapato.

Ndinaikweza pa jeke. Ndinagwedeza tayala uku ndi uku: zii.
Sipuling'i yosathyoka. Ekizozi ili pamalo pake.
Ndinatulutsa sipeya, sipanala ya mawilo, chigubu,
ndi mwala umene amapingira tayala pachitunda,
poti nthawi zina mbala imagona m'nyumba momwemo.
Tinailowetsa mumsewu wa maenje wa ku Sadzi.
Imvani! akutero eni ake. Imvaninso!
Ndinagwedeza mutu ngati wamva.
Sindinamve kanthu.
Injini yokha, patali,
ngati Mulunguzi ukamalira kuseri kwa mitengo.

Sakina, mtsikana wa ku Nasawa wodzaphunzira ntchito,
amene miyezi iwiri ndangomutuma girizi ndi madzi,
anati: Bwana, ndilowe kumbuyoko.
Tinagwetsa mpando, anagona chafufumimba,
khutu pachitsulo, ovolosi yomukulira.
Dzenje loyamba, chete.
Lachiwiri:
Kumanzere! Osati pamwamba, pansi, pafupi ndi tayala.
Tinadutsa pa hampu, anati: Apa ayi.
Matayala akakwera onse awiri sichilira,
chimalira limodzi likagwa lokha.

Ndinadziwa asanamalize.
Ndinachita manyazi asanamalize.

Galimoto ili pansi ndi kulemera kwake konse,
anakwawa ndi mgwala, natsamiza
pa kamwendo kogwira sitabilaiza.
Gu.
Ndinachimva m'dzanja, poti ndinali nditagwira bampala.
Bushi yatha, mphira wang'aluka
ngati chidendene cha mwezi wa Okutobala,
chitsulo chikumenya chinzake popanda wolanditsa.
Kanthu kochepa ngati chitsekero cha botolo,
kotchipa kuposa mbale ya chipisi ndi nkhuku.

Bawuti inakana, dzimbiri la mvula zisanu.
Tinathira mafuta a mabuleki, tinadikira,
a Kalonjere akusenda nzimbe osayang'ana aliyense.
Kenako tswa, inagonja.
Tinasintha mbali zonse ziwiri,
poti chikadya kumanzere, kumanja chanola kale mano.
Womanga anali Sakina. Ine ndinangogwira tochi.

Ku Sadzi konkuja tinapitanso.
Ndinayang'ana nkhope ya eni ake, osati msewu.
Dzenje, dzenje, dzenje lina.
Anaseka. Ndiye kuti mlendo wapita.

Ya ntchito sindinalandire.
Mashoko akale aja ali pakona, ndawapukuta,
alibe mlandu, adikira mwini wake.
Sipanala ya fotini, imene sindibwereka ngakhale mlamu,
ndinaiika m'thumba la ovolosi ija
mwini wake akusamba m'manja ndi mchenga ndi sopo.

Usiku kunyumba mayi a Rafiki anati:
Dzulo ndinagogoda pachitseko katatu, mvula ikundinyowetsa,
inu muli pampando pomwepa.
Ndinati wailesi inali pamwamba.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Wailesi ilibe mabatire kuyambira Pasaka.