Loweruka Lachinayi ndi a Matiki

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndatsuka zilonda ku Gulupu,
zaka zonsezo denga linali la wina.
Lero ndalama yanga yopumira pantchito yagona kubanki,
ikuwonda ngati wodwala wokana phala,
pakuti thumba la simenti silidzuka ndi mtengo wadzulo.

A Matiki, dobadoba wa jekete lofiirira,
mafoni awiri, nsapato zowala koma zidendene zinatha,
amayamba ndi kutambasula dzanja:
"Yoonera kaye, mayi. Maso nawonso amalipira."

Ku Namiwawa tinangosuzumira pageti.
Mlonda anandiyeza kuyambira fumbi la kumapazi,
agalu awiri anatchula mtengo
ine ndisanafunse.

Ku Ndirande nyumba zimapumirana m'khosi.
Zipinda zitatu, msika pafupi, minibasi pakhomo,
wowotcherera zitsulo kumanzere,
tchalitchi cha zimkuzamawu kumanja.
Nditatsegula windo la kuchipinda chogona
ndinapatsana moni wa padzanja ndi mayi wina akutsuka mbale.
Mayiyo ndinamukonda.
Nyumbayo ayi.

Ku Machinjiri ndinapotokola mpopi,
unatsokomola kawiri, n'kukhala chete.
Kamtsikana kapampanda kanaseka:
"Amabwera thuu koloko usiku, agogo,
ngati bambo a kwathu."

Ku Chilobwe sindinafunse za matailosi.
Ndinayang'ana phiri la Soche ndi zipsera zake,
ndinakumbukira usiku uja ankatitulira anthu pakhonde la wodi,
matope m'makutu, m'kamwa, m'zikhadabo.
"Iyi yatsika mtengo," a Matiki ananong'ona.
Ndikudziwa chimene chinatsika kuno, bambo.
Tiyeni.

Ku Mpemba, puloti: mapesi a chimanga,
miyala inayi yopaka laimu m'makona.
Tili chiimire, anatulukira mkulu wina panjinga
ali ndi pepala lake lachidindo,
nayenso akuti anagula mwezi wa Epulo.
A Matiki anayankha foni imene sinalire.

Tsono lero, Loweruka lachinayi, tili ku Chilomoni.
Kuchokera pasiteji kufika pakhomo
ndawerenga mapazi mazana anayi ndi khumi ndi awiri,
chitunda chake mawondo anga sanadandaule kwambiri.
Chigayo chikumveka, koma patali.
Sukulu ili kuseri kwa mabulugama, Zione angayende yekha.
Michiru wakhala phee kumadzulo, sakuweramira aliyense.

Mwini wake, mayi Nachanza, amuna awo anali a njanji,
akubwerera kwawo ku Thyolo.
Atulutsa mapepala a nyumba m'jumbo ya shuga,
opindika, achikasu, dzina limodzi lokha.
Pafelemu ya chitseko pali timizere ta pensulo,
misinkhu ya ana asanu, chaka ndi chaka.
Kamzere kamodzi kanaima pa chiuno changa,
sikanakwerenso.
Sindinafunse. Iwonso sananene.
Angoti, "Mpeyala uwo umabereka kwambiri,
koma ana a kuseriku amayamba ndi iwo."

Mtengo atchula. Ndakhala pansi.
Ukuposa zanga ndi mamiliyoni atatu.
A Matiki akuwerenga kale gawo lawo ndi milomo.

Kenaka chiperoni chayamba, chija chosagogoda,
ndapempha kuti tonse tikhale chete.
Ndayenda chipinda ndi chipinda
ngati ndikuzungulira wodi usiku,
khutu kudenga, chikhato pakhoma.
Pabalaza pouma. Kogona kouma.
Kukhitchini, pakona, dontho.
Kenaka lina, pamalo omwewo.

Chilonda chimodzi.
Ndamangapo zoposa apa.

Lolemba ndikalawirira ku ofesi ya malo
kukaona ngati dzina la m'jumbo ndi lomwe lili m'kaundula,
ndikatero ndidzabwera ndekha, opanda a Matiki,
ndi shuga ndi masamba a tiyi,
amayi awiri tidzakambirane za mamiliyoni atatu aja.
Ndipo ndidzawauza, asanandipemphe,
kuti felemu ija sindidzaipaka penti.