Khutu la Boma

Anandigwira pa Biriwiri Lachiwiri m'mamawa,
chifunga chisanachoke pamsewu.
Thumba la kachewere kumbuyo kwa njinga,
pansi pa kachewereyo timitolo khumi ndi tiwiri
tokulunga m'makungwa a nthochi.
Wapolisi sanavutike n'kufufuza.
Anapisa dzanja penipenipo
ngati anaikamo yekha.

Masiku atatu m'chitokosi cha pa Ntcheu,
kugona chokhala, ndowa ikununkha pakona.
Lachisanu anandilowetsa m'chipinda cha mpando wofewa.
Sajeni Dzoole sanandimenye.
Bola akanandimenya.
Ananditsegulira fanta ndi mano,
nandifunsa ngati Mwandida wanga anachira chifuwa.

"Lufeyo, chamba ichi ndi zaka zisanu ku Maula.
Ukamadzatuluka, mwanayo
adzakhala akuitana wina kuti ababa.
Koma fayilo ndi pepala, mphwanga,
ndipo muofesi muno makoswe ndi ambiri.
Dzina limodzi lokha.
Sindikuti upereke munthu, ayi.
Ungotithandiza kumva."

Anakankhira patebulo kafoni ka mabatani,
kong'aluka galasi, komanga ndi mphira,
m'kati mwake nambala imodzi.

Ndinatchula Zakeyo.
Zakeyo yemwe anandiphunzitsa kabaza
pamtsetse wa ku Tsangano, akuthamanga pambuyo panga.
Yemwe anakumba manda a bambo anga
mvula ikumukhuthukira pamsana.
Dzinalo linatuluka mosavuta
ngati njere ya bwemba.

Koma dzina limodzi limaswana.
Mwezi usanathe kafoni kanalira: wina.
Kanaliranso: winanso, wokulirapo.
Makoswe aja sanadye kanthu.
Fayilo ili m'dirowa, yonenepa,
amaitulutsa ndikachedwa kuyankha
n'kumaisisita ngati mphaka.

Pa Lizulu tsopano ndimayenda ndi khutu, osati miyendo.
Ndimaseka pabawo mochedwerapo pang'ono.
Ndimagulira anthu kachasu ndi ndalama ya Sajeni
n'kumawerenga mawu awo ngati chenji.
Msewu uwu, tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambiki,
mapazi khumi basi, munthu wasowa.
Ndayesapo kawiri.
Kafoni kamalira ngakhale tsidya ilo,
ndipo Mwandida amagona tsidya lino.

Nangozo, mkazi wa Zakeyo, amagulitsa kabichi pafupi ndi siteji.
Amandiikira basera.
"Alamu, mwaonda, mukudya koma?"
Ndimati ndi malungo.
"Amene anachita izi, alamu, amagona tulo?"
Ndimati Mulungu yekha ndiye adziwa,
kabichi ali kundilemera m'manja ngati mutu wa munthu.

Dzulo wabwera kwathu dzuwa litapendeka,
kanthu kali kunsonga ya chitenje.
Akuti amafolera denga, wakapeza kotsomeka muudzu.
"Sindinawaonepo nako bambo a Chikaiko.
Mwina mungandigulitsire,
ndipezeko thiransipoti yokawaona kundende."

Wamasula mfundo.
Kafoni ka mabatani, komanga ndi mphira.
Ndaikamo batire la kanga, iye akuyang'ana kumbali.
Nambala imodzi.
Sindinachite kuiwerenga mpaka kumapeto.

Ndinakumbuka dzanja lija pa Biriwiri,
lolunjika, losafufuza.

Ndamupatsa faifi sauzande, ndati kagulidwa.
Usiku ndatigoneka tiwiri pamphasa
ngati mapasa a mayi mmodzi,
ndakhala chogwada, kudikira
kuti kayambe kulira ndi kati,
ndi kuti Nangozo, pochoka paja,
n'chifukwa chiyani sanafunse
komwe ndinatenga batire lokwana bwino chomwecho.