Makwerero a ku El Agustino

Kuchokera pamsewu kufika pakhomo pathu
pali makwerero mazana awiri ndi asanu ndi anayi,
opakidwa utoto wachikasu.
Sindinkadziwa. Anandiwerengetsa ndi Wilder.

Kale ankawakwera awiriawiri,
chigubu cha madzi paphewa, galu pambuyo,
n'kufika pamwamba akadali ndi mpweya
woimbira chitoliro chake cha bango.

Kenaka chifuwa chachikulu.
Miyezi isanu ndi umodzi, m'mawa uliwonse,
namwino Nélida kumuyang'anitsitsa pakhosi
mpaka piritsi lomaliza litatsika.
Mkodzo unkatuluka wofiira ngati dzimbiri.
Sanaphonye tsiku. Ndikulumbira, sanaphonye.

Pakhadi analembapo kuti wachira.
Tinalipachika pafupi ndi chithunzi cha ubatizo,
amayi ake nagula nkhuku pangongole.

Koma makwerero sadziwa kuwerenga khadi.

Dokotala anakweza chithunzi cha m'chifuwa pawindo.
Tizilombo tinafa, anatero, tonse.
Chala chake chinayenda kumanzere:
apa zipsera, apa kaphanga,
apa njira ya mpweya yatamuka
ngati sokosi yotha mphira.
Ndinafunsa kuti zipola liti.
Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.

Mu Julaye mzinda wa Lima suvula nkhungu.
Chinyontho chimalowa m'matabwa, m'bulangeti, mwa mwana.
Kusanache ndimamugoneka chafufumimba pamiyendo panga,
kumuomba pamsana ndi zikhatho zofumbata pang'ono
kuti makhololo atakasuke.
Msana wa zaka khumi ndi chimodzi,
nthiti zowerengeka ngati makwerero omwewo.
Pansi mototaksi yanga ikudikira, ngongole nayo ikudikira.

Madzulo timakwera limodzi.
Pa makumi anayi amaima, ati akumanga nsapato.
Nsapatozo zilibe zingwe.
Anzake akutipitirira ndi mpira, fumbi koboo,
iye wefuwefu, maso pansi.
Ndikati ndikubereke, amandiyang'ana moti ndimachita manyazi.
Pitirirani, bambo, ndikupezani.
Ine ndimati ayi, ndikufuna ndione magetsi akuyaka kumunsi,
magetsi amene ndawaona moyo wanga wonse.
Tonse awiri timanama bwino.

Dzulo anatsitsa chitoliro pamsomali,
nachipukuta ndi malaya.
Anauzira kamodzi. Liwu linatuluka lopyapyala,
linaduka lisanafike pakhomo.
Anatsokomola, napuma, nauziranso.
Amayi ake anazimitsa wailesi.