Nambala 217

Mvula ikugogoda malata a chipinda chosungira zaluso,
kuseri kwa msewu wopita ku Mwami.
Ine ndi kompyuta, maso ndi maso, sabata yachitatu.
Kupukuta fumbi, kuyeza, kujambula, kulemba.

M'makinamu muli timabokosi tanjala:
dzina la chinthu, mmisiri wake, chaka,
mulitali, mulifupi, pomwe chang'ambika.
Ukadumpha kamodzi kamafiira
ngati diso la mlonda wa usiku.

Ndatidyetsa kale ziboliboli za mlombwa,
mitsuko ya ku Chadiza yosweka pakamwa,
mikanda yomwe ulusi wake unatopa.
Lero ndafika pa ichi:
utoto wa zitseko pa thumba la fetereza,
mnyamata akukankha njinga pa chitunda cha Kanjala,
makala matumba atatu, msana wapindika,
tayala lakumbuyo laphwa.
Dzina palibe. Kuseri kwake kuli chala chimodzi chabuluu,
chodindidwa mwangozi.

Ndalemba kuti: mmisiri sadziwika.
Kabokosi kameza osatsamwa.

Amake Zelipa, amene amakolopa muno Lachiwiri,
aima ndi ndowa m'manja.
Madzi akudontha pa simenti, iwo osaona.
"Uyu ndi Yotamu," akutero, "mlongo wanga.
Ankalemba zikwangwani za mabala ku Kapata.
Utoto wotsala ankabwera nawo m'zitini za kondensi.
Wa panjingayo ndi iye mwini,
onani khutu, linalumidwa ndi galu wa a Daka."

Ndayandikiza maso. Khutu n'lodukadi.
Ine ndimayesa njenjete.

Ndafufuta sadziwika, ndalemba Yotamu Njobvu.
Chaka nanga, amama?
"Chaka cha chimanga chachikasu,
pomwe tinkafola pa sukulu ndi mabeseni.
Anamwalira mvula yotsatira isanagwe."

Ndalemba momwemo.
Kabokosi kakana, kakufuna manambala anayi basi.
Ndayesanso. Kafiira.
Njala yonse ija, mizere ya anthu padzuwa,
akuti ilowe m'manambala anayi.

Pansi penipeni pali malo a ndemanga,
omwe aphunzitsi athu a ku Lusaka anati
si ofunika kwenikweni.
M'menemo ndalowetsa galu wa a Daka,
zitini za kondensi, mabeseni,
ndi chifuwa chomwe chinamutenga Yotamu.
Amake Zelipa akundiwongola:
galuyo anali wamkazi.

Magetsi aphethira kawiri.
Chala changa chathamangira posungira
mdima usanatipeze.
Kaya zalowa, kaya zatayika m'njira,
tidzaona magetsi akabwera.

Mu mdimamo ndikumva ndowa ikuikidwa pansi.
Ayatsa tochi ya foni,
akuunika kuseri kwa thumba,
asanjika chala chawo pa chala chabuluu chija.
Chawo n'chachikulu pang'ono.
"Anali ndi manja aang'ono," akutero,
"amayi ankati sadzalima."

Kunja njinga ikudutsa m'matope, ikulira unyolo.
Nambala 218 ikudikira pakhoma,
nayonso yopanda dzina.