Kuwerenga Utsi pa Luwinga

Ena amawerenga nyuzipepala m'mawa,
ine ndimawerenga utsi.
Ndimaima pakhomo la galaja yanga pa Luwinga,
sipanala m'thumba la ovololo, manja m'khwapa,
chifunga cha Juni chitameza Kaning'ina,
kudikira malole a matabwa ochokera ku Chikangawa.

Wakuda ndi dyera:
injini yameza zoposa zimene ingathe kutafuna.
Wamtambo ndi ukalamba, ikunyambita oyilo wake womwe.
Woyera ukakana kuleka dzuwa litakwera
mwini wake agulitse mbuzi.

Lachiwiri anafika Chavula, maso ali psuu,
lole yake ikukhosomola ngati yagona panja.
Inagonadi panja, pa Lusangazi,
injini ikulira usiku wonse
chifukwa batire ndi lakufa
ndipo matani makumi atatu sakankhidwa ndi manja.

Pambuyo pake pakubwera Nyamsowoya, mwini lole,
kabuku m'manja, cholembera kukhutu.
Malita anga akupita kuti?
Munthuyu akumwetsa zigubu za m'njira!
Chavula anangoyang'ana nsapato zake.
Imodzi inali yomanga ndi waya.

Ndinati mayi, khalani pa tayala apo,
akuba anu ndikuonetsani, ndi ambiri.
Ndinasolola sefa ya mpweya, n'kuimenya pansi:
utuchi, fumbi lofiira, mapiko a gulugufe.
Inu mungakwere chitunda mutatsekedwa mphuno?
Ndinaponda matayala, atatu anali ofewa ngati mapapaya.
Ndinakwera pamwamba, ndinagwira thabwa limodzi,
lozizira, lolira utomoni, lochekedwa dzana.
Theka la katunduyu ndi madzi, mayi.
Mukulipira dizilo kunyamula mvula ya ku Viphya
kupita nayo kwa anthu amene sanaiitanitse.
Nanga pobwerera? Mabenchi a chitsulo okhaokha,
makilomita onsewo kunyamula mphepo.

Sanayankhe. Analemba kenakake, anafufuta.

Koma nawe Chavula, phazi lakolo.
Ndimakumva uli kutali, pa Katoto,
ukuponda moto ngati wapeza njoka m'nyumba,
kenaka mabuleki, kenaka moto.
Giya ili ngati mkazi wa mwini, ulemu.
Chitunda umachiwerenga usanachifike,
pamtsetse katundu amadziyendetsa yekha.
Anaseka, dzino limodzi palibe.
Anati a Luhanga, amandilipira pa ulendo,
osati pa dontho lotsala m'thanki.
Apo ndinasowa chonena.
Ndinayang'ana Nyamsowoya,
iye anayang'ana kumwamba kumene kunalibe kanthu.

Madzulo mwana wanga Sangwani,
wa Sitandade 6, wa chifuwa cholira likhweru nyengo yozizira,
anandibweretsera tiyi m'botolo.
Anaona mitengo itagonekedwa, yomangidwa unyolo.
Aphunzitsi akuti mitengo imamwa utsi, anatero.
Ndiye iyi ikupita kuti,
utsiwu kuusiyira ndani?

Ndinamuuza kuti agwire tochi bwino.

Tinatsuka manozo mpaka nkhuku zoyamba.
Sefa yatsopano, yangongole.
Batire la lole ina imene inagwa pa Chiweta chaka chatha.
Mpweya m'matayala onse makumi awiri ndi awiri,
pampu ikudandaula magetsi akuphethira.

M'mawa anailiza kamodzi, inavomera.
Inadzuka pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta,
inakhotera msewu wa ku Karonga,
paini akununkhira m'mbuyo mwake.
Utsi unalipo, sindinama,
koma woonda, woti n'kuonera munthu kuseri kwake,
mayi wa nthochi uja sanaphimbe nkhope ndi chitenje.

Nyamsowoya akuti aganizira zobwerera ndi simenti.
Za malipiro a Chavula sanatchule.

Ndinamina m'kansalu, munali mwakuda ndithu.
Ndinakapinda, ndinakabweza m'thumba.
Kumwera, kuseri kwa chifunga,
ina inali itayamba kale kukhosomola,
ndipo ndisanaione n'komwe
ndinadziwa mtundu wake.